Mizere iwiri yatuluka: magazi amanena chiyani za hepatitis B?

Ambiri mwa anthu amene akudziwa lero kuti ali ndi kachirombo ka hepatitis B sanachite kunyamuka kunyumba kukakafufuza. Wina anapereka magazi tsiku limene osonkhanitsa magazi anafika pasukulu pawo, patapita masiku n'kuitanidwira pambali. Wina anayezedwa kusikelo ali ndi pakati. Wina anapita kukatenga chikalata cha dokotala pofuna ntchito kunja kwa dziko. Ndiye pali amene amandimvetsa chisoni kwambiri, amene amadziwa mimba itadzaza kale madzi, maso atachita chikasu, chiwindi chitauma kapena chitagwidwa khansa. Onsewa amamva mawu amodzimodzi akuti "mwapezeka nako", pomwe mawuwo satanthauza chinthu chimodzi kwa onse. Wina adzakalamba nako kachiromboko osamwa ndi piritsi limodzi lomwe. Wina akufunika kuyamba mankhwala sabata yomweyo.

Kusiyanitsa anthu awiriwa ndiyo ntchito yeniyeni ya kuyeza, ndipo dontho limodzi la magazi a pachala silingaigwire yonse. Dontholo limangonena ngati kachirombo kalipo. Kuti kakuswana mochuluka bwanji, ndi kuti chiwindi chavulala kufika pati, zimenezo zimafuna kuyeza kwina. Dandaulo langa n'lakuti kuno kwathu kuyeza koyambako kwayamba kufalikira, koma anthu ochuluka amasiyidwa pomwepo, atanyamula zotsatira zimene sakuzimvetsa, osauzidwanso tsiku lobwerera.

Lipoti la bungwe la WHO la 2024 likuti mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda okhalitsa a hepatitis B, ndipo pafupifupi 65 miliyoni mwa iwo anali m'chigawo cha Africa. Chaka chomwecho matendawa anapha anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ambiri chifukwa cha kuuma kwa chiwindi ndi khansa. Komabe pa anthu 100 alionse amene anali ndi kachiromboka, 13 okha ndiwo anali atayezedwa n'kudziwa, ndipo olandira mankhwala anali atatu basi. Muno mu Africa ziwerengerozi n'zotsika kuposa pamenepo.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Chiwindi sichidandaula msanga. Chimapitiriza ntchito ngakhale mbali yaikulu itawonongeka. Komanso tsogolo la munthu limadalira msinkhu umene anatengera kachiromboka. Munthu wamkulu akakatenga, mwina amadwala masabata angapo, kutentha thupi, nseru, mkodzo wofiirira ndi maso achikasu, koma pa anthu 100 oposa 95 amakagonjetsa okha. Khanda likakatenga pobadwa zimatembenuka: pa makanda 10, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse, ndipo nthawi zambiri popanda chizindikiro chilichonse. Ambiri mwa akuluakulu amene ali nako m'maiko athu anakatenga chotero, pobadwa kapena ali ana aang'ono, ndipo akhala nako zaka 20 kapena 30 akulima, akusewera mpira, akubereka ana, osamva kupweteka paliponse.

Maso achikasu nawonso si umboni wokwanira. Chikasu chimabwera ndi malungo aakulu, ndi hepatitis A kapena E zimene zimafala kudzera m'madzi ndi chakudya chosasamalika, ndi mankhwala ena monga a TB, ndi kutsekeka kwa njira ya ndulu. Dokotala wodziwa ntchito chotani sangasiyanitse zonsezi poyang'ana nkhope. Ndipo ochuluka amene ali ndi hepatitis B sanachitepo chikasu n'kamodzi komwe.

Njira yoyezera imene tikugwiritsa ntchito lero inapezeka mosayembekezera. Dokotala wa ku America, Baruch Blumberg, ankasonkhanitsa magazi a anthu a mitundu yosiyanasiyana pofuna kudziwa chifukwa chake matenda ena amakonda anthu ena. M'magazi a munthu wina wa mtundu wa eni nthaka a ku Australia anapezamo kanthu kachilendo, ndipo mu 1965 iye ndi anzake anakalengeza ndi dzina loti Australia antigen, asakudziwa kuti kamachokera kuti. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu m'pamene zinaonekera kuti kanthuko kakukhudzana ndi matenda a chiwindi, ndipo mu 1970 David Dane wa ku London anakaona kachirombo kathunthu pa makina okulitsa zinthu. Blumberg analandira mphoto ya Nobel mu 1976. Tsiku lake lobadwa, 28 July, ndilo dziko lonse limakumbukira matenda a hepatitis chaka ndi chaka.

Chimene Blumberg anapeza chinali chikopa cha kunja cha kachiromboka, chimene lero chimalembedwa kuti HBsAg. Kachiromboka kali ngati mtedza, kunja khoko, mkati njere. Chodabwitsa n'chakuti kakalowa m'chiwindi kamapanga makoko opanda kanthu ochuluka kwambiri kuposa tizirombo tathunthu, n'kuwatayira m'magazi. N'chifukwa chake HBsAg sivuta kupeza. Koma kuona makoko pabwalo kumangokuuza kuti pakhomopo pali mtedza, sikukuuza kuti m'nyumbamo muli matumba angati.

Kayezedwe kake aliyense amene anayezetsapo HIV kapena malungo akukadziwa. Woyeza amapukuta chala ndi thonje, n'kubaya pang'ono, n'kutenga dontho la magazi n'kuliika kumapeto kwa kapepala kapena m'kabowo ka kachipangizo kapulasitiki, n'kuwonjezerapo dontho la madzi ake a m'kabotolo. Magazi amayenda pang'onopang'ono m'kapepalamo. Pakatha mphindi 15 mpaka 30, malinga ndi mtundu wa kachipangizoko, pamaoneka mizere. Mzere umodzi umangotsimikiza kuti kachipangizo kagwira ntchito. Ukapanda kuoneka, zotsatirazo n'zotaya ndipo ayenera kuyezanso. Mzere wachiwiri, ngakhale utaoneka mozimiririka, ndiye kuti HBsAg yapezeka. Kuyambira mu 2017 WHO inavomereza kuti kuyeza kamodzi ndi kachipangizo kovomerezeka n'kokwanira kuti munthu atumizidwe kukaunikidwa mozama.

Tizipangizo timeneti n'todalirika, koma tili ndi malire ake. HBsAg siioneka tsiku lomwe munthu watenga kachirombo. Pamatha mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi zina kuposerapo. Choncho namwino amene wadzibaya ndi singano dzulo asakhutire ndi mzere umodzi wa lero. Tizipangizoti timaphonyanso ena amene ali ndi HBsAg yochepa kwambiri m'magazi, monga ena mwa omwa ma ARV, pomwe makina a ku labotale akanaipeza. Kumbali inayo, munthu amene wangobayidwa katemera wa hepatitis B akhoza kutulutsa mizere iwiri kwa masabata ochepa, popeza katemerayo amapangidwa ndi HBsAg yomweyo. Ndipo kachipangizo kosungidwa pamalo otentha kwambiri, kapena kodutsa tsiku lake, sikayenera kukhulupiriridwa.

Mabuku a zachipatala amati matendawa amatchedwa okhalitsa HBsAg ikapitirira kupezeka kwa miyezi isanu ndi umodzi. Zimenezo n'zoona, ndipo kwa munthu amene wadwala chikasu posachedwa, kuyezanso pakatha miyeziyo kumaonetsa ngati thupi lapambana. Koma lamuloli lisasanduke chifukwa chobwezera munthu kunyumba chimanjamanja. M'dera limene ambiri anatenga kachiromboka ali ana, wamkulu wopezeka nako wosadwala pafupifupi nthawi zonse amakhala kuti ali nako kuyambira kale. Kumuuza kuti "mubwere pakatha miyezi isanu ndi umodzi" osamuyeza chiwindi ndiko kutaya anthu, chifukwa ochuluka sabwerera.

Pamene pamasokonekera anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito m'chipatala, ndi pa asilikali a m'thupi, amene mayina awo papepala la ku labotale amayamba ndi "anti". Pa HIV tinazolowera kuti asilikaliwa akapezeka ndiye kuti kachirombo kalipo. Pa hepatitis B sizili choncho. Anti-HBs ndi asilikali olimbana ndi chikopa cha kunja chija, ndipo kupezeka kwawo ndi nkhani yabwino: munthuyo ndi wotetezedwa. Mlingo wa 10 mIU/mL kapena kuposerapo pambuyo pa katemera umaonetsa kuti katemerayo wagwira. Anti-HBc ndi asilikali olimbana ndi gawo la mkati, ndipo sateteza. Iwo ndi chipsera chosonyeza kuti kachirombo kenikeni kanalowapo m'thupi, kaya chaka chatha kaya zaka 40 zapitazo. Katemera sangabweretse anti-HBc chifukwa mulibe gawo la mkatilo.

Zitatuzi zikayezedwa pamodzi, nkhani ya munthu imawerengeka bwino. Zonse zikapanda kupezeka, munthuyo sanakumanepo ndi kachiromboka komanso alibe chitetezo, ndiye akufunika katemera. Anti-HBs ikapezeka yokha, anabayidwa katemera. Ikapezeka limodzi ndi anti-HBc koma HBsAg palibe, anatengapo kachiromboka thupi n'kukagonjetsa. HBsAg ndi anti-HBc zikapezeka limodzi, kachirombo kalipo; ndipo mtundu wina wa anti-HBc wotchedwa IgM umathandiza kudziwa ngati kalowa m'miyezi yaposachedwa, ngakhale kuti nawo nthawi zina umatuluka matenda akale akadzuka. Bungwe la CDC ku America linalangiza mu 2023 kuti wamkulu aliyense ayezedwe zitatu zonsezi kamodzi pa moyo wake. Kuno zitatuzi pamodzi n'zodula, ndipo ndikuona kuti poyambira HBsAg yokha ikukwanira, bola ifikire aliyense.

Chotsalira ndi munthu amene anti-HBc yapezeka yokhayokha. Kawirikawiri amakhala kuti anachira kalekale ndipo anti-HBs inatsika mpaka kusaoneka. Nthawi zina makina alakwitsa. Mwa ochepa, kachirombo kamakhala kakadalipo pang'ono kwambiri. Apa pali mfundo imene ndikufuna aliyense amene anauzidwa kuti "munachira" aisunge: hepatitis B imasiya mbewu yake mkati mwenimweni mwa maselo a chiwindi, ndipo mbewuyo sichoka. Chitetezo cha m'thupi chikakhala champhamvu imangogona. Chikagwetsedwa, monga ndi mankhwala a khansa, makamaka otchedwa rituximab, kapena ndi mankhwala operekedwa kwa munthu amene waikidwa impso ya wina, kachirombo kakhoza kudzuka mwaukali mpaka kupha. Wodwala aliyense woyamba mankhwala oterewa ayenera kuyezedwa HBsAg ndi anti-HBc yomwe asanayambe.

Munthu akapezeka ndi HBsAg, funso lotsatira ndi kuchuluka kwa kachiromboko. Kale ankadalira chizindikiro china chotchedwa HBeAg, chimene chimatuluka kachirombo kakamaswana kwambiri. Chikapezeka, magazi a munthuyo amapatsira ena mosavuta. Koma kusapezeka kwake sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Anthu a mu Africa ambiri amataya HBeAg akadali achichepere, ndipo mwa ena kachirombo kamasintha n'kumapitiriza kuswana ndi kuwononga chiwindi popanda kutulutsa chizindikirocho. Yankho lenileni lili pa kuyeza HBV DNA, kumene ndi kuwerenga tizirombo tenitenito, monga momwe omwa ma ARV amayezetsera kuchuluka kwa HIV m'magazi. Zotsatira zimalembedwa mu IU/mL. Ena amapezeka ndi mazana ochepa, ena mamiliyoni ambirimbiri. Nambala ziwiri zoyenera kuzikumbukira ndi 2,000, imene imathandiza kusankha oyamba mankhwala, ndi 200,000, imene ndi yofunika kwa amayi oyembekezera.

Vuto la kuyeza DNA ndi mtengo ndi mtunda. Koma sindivomereza kuti n'kosatheka. Makina a GeneXpert amene amayeza makhololo a TB m'zipatala zambiri za m'maboma amathanso kuyeza HBV DNA n'kutulutsa zotsatira tsiku lomwelo; chofunika ndi kugula katiriji yake. Kumene makina kulibe, madontho a magazi oumitsidwa pakapepala, njira imene takhala tikutumizira magazi a makanda kukayezedwa HIV, akhoza kugwira ntchito. Malangizo a WHO a 2024 akulimbikitsanso kuti magazi akangopezeka ndi HBsAg, DNA iyezedwe nthawi yomweyo popanda kumuuza munthu kuti abwerenso tsiku lina. Aliyense amene amadziwa mtengo wa kabaza ndi minibasi kuchokera kumudzi kukafika pa boma akumvetsa ubwino wa zimenezi.

Kachiromboka pakokha sikawononga kwambiri chiwindi. Chimene chimavulaza chiwindi ndi nkhondo ya pakati pa iko ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo nkhondoyo imabuka n'kuzizira, n'kudzabukanso patapita zaka. Maselo a chiwindi akamaphulika amataya m'magazi zinthu ziwiri zotchedwa ALT ndi AST. Pa hepatitis B, WHO imati ALT yakwera ikadutsa 30 kwa amuna ndi 19 kwa akazi. Onani kuti malire amenewa ndi otsika kuposa amene malabotale ambiri amasindikiza papepala lawo, kotero mayi wa ALT ya 35 akhoza kuuzidwa kuti zili bwino pomwe siziri bwino. Ndiponso ALT ya tsiku limodzi imangonena za tsikulo. Iyenera kubwerezedwa.

Nkhondo ikapitirira zaka zambiri, chiwindi chimadzaza zipsera n'kuuma. Kale pofuna kudziwa zimenezi ankabaya singano yaitali m'nthiti n'kutapa kachidutswa ka chiwindi. Masiku ano kuli makina otchedwa FibroScan amene amayeza kulimba kwa chiwindi kuchokera pakhungu m'mphindi zochepa, koma ndi odula ndipo amapezeka malo owerengeka. Chimene chipatala chilichonse chokhala ndi labotale chingathe ndi masamu otchedwa APRI, ofuna zinthu ziwiri zokha: AST ndi chiwerengero cha ma platelet, tizigawo ta magazi timene timathandiza kuti magazi aundane pabala. Chiwindi chikauma, kapamba amatupa n'kumasunga ma platelet ochuluka, ndiye m'magazi amachepa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti bambo wina AST yake ndi 60, malire a labotale ndi 40, ma platelet ndi 120. Gawani 60 ndi 40, mupeza 1.5. Gawaninso 1.5 ndi 120, kenako chulukitsani ndi 100. Yankho ndi 1.25. Tinenenso kuti mlongo wake AST yake ndi 30, ma platelet 250. Masamu omwewo akupereka 0.3. Malinga ndi malangizo a 2024, APRI yoposa 0.5 ikusonyeza zipsera zofuna mankhwala, ndipo yoposa 1 ikusonyeza kuti chiwindi mwina chauma kale. Bamboyu ayambe mankhwala ngakhale DNA isanayezedwe. Mlongo wake ayezedwe DNA ndi ALT, n'kumaonedwa chaka ndi chaka. Masamu onsewa amatheka pa foni ya mabatani.

Malire amenewa sanali chonchi kuyambira kale, ndipo kafukufuku wa muno mu Africa anaonetsa kufunika kowasintha. Malangizo oyamba a WHO a 2015 ankafuna APRI yoposa 2, kapena munthu woposa zaka 30 wokhala ndi ALT yokwera ndi DNA yoposa 20,000. Ofufuza a ku Addis Ababa, ku Ethiopia, anaonetsa mu 2019 kuti malamulowo ankaphonya pafupifupi theka la ofunika mankhwala. Gulu la ofufuza a m'maiko angapo a mu Africa lotchedwa HEPSANET linapeza kuti malire a 2 aja ankagwira osakwana mmodzi pa asanu alionse a chiwindi chouma. Bambo wathu wa 1.25 uja mwina akanabwezedwa. Malangizo amene anatuluka mu March 2024 anatsitsa malire: aliyense wa zaka 12 kupita m'tsogolo alandire mankhwala ngati APRI yadutsa 0.5, kapena DNA yadutsa 2,000 ALT itakwera, kapena ali ndi HIV, hepatitis C, hepatitis D, shuga, chitetezo chofooka, kapena pamtundu pawo wina anadwalapo khansa ya chiwindi kaya kuuma kwa chiwindi. Kumene DNA singayezedwe, ALT yokwera mobwerezabwereza ikukwanira. Ndi kusinthaku, oyenera mankhwala akufika theka la onse opezeka ndi kachiromboka kapena kuposa, pomwe kafukufuku wa PROLIFICA ku Gambia, pogwiritsa ntchito malamulo a nthawi imeneyo, anapeza osakwana asanu pa 100.

APRI nayo isawerengedwe mwachimbulimbuli. Malungo amagwetsa ma platelet kwa masiku angapo. Likodzo la m'matumbo, lofala m'madera a m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje, limatupitsa kapamba n'kutsitsa ma platelet ngakhale hepatitis B isanawononge kanthu. Mowa umakweza AST, ndipo zitsamba zina zimachitanso chimodzimodzi. Wodwala amene wabisa kuti amamwa kachasu kapena kuti akumwa mankhwala a kwa sing'anga wasokoneza masamu a dokotala wake.

Asanayambe mankhwala, wodwala ayenera kuyezedwa HIV, ndipo ichi si chinthu chokambirana. Tenofovir, mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa hepatitis B, ndi mmodzi mwa ma ARV. Munthu wa HIV wosadziwa akamamwa tenofovir yekha, HIV imaphunzira kupirira mankhwalawo. Mbali ina ya nkhani yomweyi ndi yakuti TLD, piritsi limene omwa ma ARV ambiri ku Malawi ndi ku Zambia amalandira, lili ndi tenofovir ndi lamivudine, ndipo onse awiri amapondereza hepatitis B. Alipo ochuluka amene akuthandizidwa matenda a chiwindi osadziwa kuti ali nawo. Ngozi imabwera akasiya mankhwala, kapena akasinthidwira ena opanda tenofovir, mwina chifukwa cha impso: kachirombo kamabwerera mwamphamvu ndipo chiwindi chikhoza kulephera. N'chimodzimodzi ndi omwa mapiritsi oteteza ku HIV a PrEP amene amamwa n'kusiya, kapena kusamukira ku jakisoni, amene sakhudza hepatitis B. Onsewa ayenera kudziwa HBsAg yawo. Impso ziyezedwenso poyamba ndi m'kati mwa ulendo. Kumene n'kotheka ayezedwenso hepatitis D, kachirombo kamene Mario Rizzetto anakapeza ku Italy mu 1977, kamene sikangakhale mwa munthu wopanda hepatitis B koma kakalowa kamafulumizitsa kuuma kwa chiwindi.

Ngati pali malo amodzi pamene kuyeza kumabweza phindu lalikulu, ndi kusikelo ya amayi oyembekezera. Mayi wokhala ndi HBeAg, popanda chithandizo chilichonse, amapatsira makanda 7 mpaka 9 pa 10 alionse, ndipo makandawo ndiwo odwala khansa ya chiwindi a zaka 30 kapena 40 zikubwerazo. Mayi akadziwika msanga, DNA yake ikafika 200,000 kapena HBeAg ikapezeka, amapatsidwa tenofovir mimba isanafike kumapeto. Kumene zonse ziwiri sizingayezedwe, malangizo a 2024 amalola kupereka kwa mayi aliyense wopezeka ndi HBsAg. Khanda libayidwe katemera pasanathe maola 24 chibadwire, kenako limalize katemera wina yense. Kuyamwitsa kupitirire. Mwanayo ayezedwe HBsAg akafika miyezi 9 mpaka 12. Lipoti la WHO lija linati m'chigawo cha Africa makanda 18 okha pa 100 ndiwo ankalandira katemera wa tsiku lobadwayu, pomwe chigawochi ndicho chinali ndi anthu 63 pa 100 alionse otenga kachiromboka kumene padziko lonse.

Dziko la Malawi linayamba kubaya ana katemera wa hepatitis B mu 2002, mkati mwa katemera wa matenda asanu amene kusikelo amangomutcha penta, woperekedwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Phindu lake laoneka. Kafukufuku wa ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza HBsAg mwa akuluakulu pafupifupi asanu pa 100 alionse, koma mwa ana obadwa katemera atayamba anali atatu okha pa 1,000. Kunena kwina, katunduyu ali pamutu pa obadwa 2002 isanafike, ndipo katemera sachiza amene ali nako kale. Kwa iwo khomo ndi kuyezetsa basi. Abale athu okhala ku England ena adziwira kumeneko, popeza kuyambira mu 2022 zipatala zina zimayeza HIV ndi hepatitis aliyense wotengedwa magazi ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi pokhapokha atakana, ndipo opezeka kumene ndi hepatitis B achuluka kuposa a HIV. Wopezeka nako ku London kapena ku Manchester aimbire foni kumudzi, chifukwa mayi ake ndi obadwa nawo mimba imodzi ndiwo oyamba kufunika kuyezedwa.

Mfundo yomalizayi ndiyo imene aphungu a m'zipatala ayenera kuinena momveka, zotsatira zisanafike kunyumba. Mabanja amagwedezeka mwamuna kapena mkazi akapezeka ndi kachiromboka, mnzake n'kuyamba kufunsa kuti wakatenga kuti, nkhani mpaka kufika kwa ankhoswe. N'zoona kuti hepatitis B imafala pogonana, komanso pobwerekana lezala, singano, mswachi, kapena potemera mphini anthu angapo ndi lumo limodzi, poti kachiromboka kamatha kukhala kamoyo m'magazi ouma kwa masiku asanu ndi awiri. Koma kwa wamkulu wa m'maiko athu amene ali ndi matenda okhalitsa, chothekera kwambiri n'chakuti anakatenga asanayambe n'komwe sukulu. Mizere iwiri si umboni wa chigololo. Mnzake wa m'banja ayezedwe, ndipo akapezeka alibe, abayidwe katemera katatu. Palibe chifukwa chomupatulira mbale kapena kapu. Kachiromboka sikafala podyera nsima pamodzi, popatsana moni wa pamanja, potsokomola, kapena polumidwa ndi udzudzu. Palibenso chifukwa chomuchotsera ntchito kapena sukulu.

Amene wauzidwa kuti sakufunika mankhwala pakalipano asamve ngati wauzidwa kuti wachira. Ayenera kuyezetsa ALT, APRI, ndi DNA ngati ilipo, kamodzi pa chaka. Amene wayamba tenofovir kapena entecavir adziwe kuti mankhwalawa amapondereza kachirombo koma sakachotsa, ndipo ambiri amamwa moyo wonse. DNA ikasiya kuoneka ndiye kuti mankhwala akugwira, osati kuti asiye. Ogulitsa mabotolo olonjeza "kutsuka chiwindi" amapezerapo mwayi pamenepa, n'kumaonetsa pepala la DNA yotsika ngati umboni, pomwe nambalayo imakwera n'kutsika yokha.

Khansa ya chiwindi ndiyo imene tikuthawa, ndipo hepatitis B ikhoza kuibweretsa ngakhale chiwindi chisanaume. Mu Africa imagwira anthu akadali ndi mphamvu, makamaka amuna a zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimawonjezera ngoziyo kwambiri kwa amene ali ndi kachiromboka. Wa chiwindi chouma, ndi amene pamtundu pawo panaoneka khansayi, ayenera kuunikidwa pamimba ndi sikani miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, nthawi zina pamodzi ndi kuyeza magazi kotchedwa AFP. Chotupa chikapezeka chili chaching'ono, pamakhala chochita. Chikayamba kupweteka nthawi zambiri chimakhala chitakula kale.

Kwa amene amagula zipangizo za m'zipatala, pempho langa ndi lakuti bokosi lililonse la tizipangizo ta HBsAg lizibwera limodzi ndi zoyezera ALT, AST ndi ma platelet, katiriji ya DNA, ndi tenofovir wa anthu amene alibe HIV. Kuyeza munthu n'kumusiya ndi mantha okha sikumuthandiza.

Kwa inu owerenga, ngati munabadwa 2002 isanafike ndipo simunayezetsepo, pemphani HBsAg ulendo wotsatira mukapita kuchipatala. Mizere ikatuluka iwiri, musatuluke m'chipindamo musanafunse za ALT, AST, ma platelet, HIV, ndi kumene mungayezetse DNA. Pemphani kuti nambala zonse zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi tsiku lobwerera, ndipo pobwerapo mutenge akunyumba kwanu, ana anu ndi abale anu obadwa nawo kuti nawonso ayezedwe.